"Wamkulu ndani": mafunso ndi mayankho pa tanthauzo, gwero ndi kagwiritsidwe ka mawuwa

Mawu akuti "wamkulu ndani" amamveka pa wailesi, pa siteji ya kabaza pa Chitakale, pa bawo ku Luchenza, mpaka paguwa m'tchalitchi. Ana a sukulu amafunsa za mawuwa akamakonzekera mayeso a Chichewa, ndipo akuluakulu amatsutsana za malo oyenera kuwanena. Mafunso amene amabwera mobwerezabwereza ndi awa.

1. Kodi "wamkulu ndani" amatanthauza chiyani?

Ndi kukumana maso ndi maso kwa awiri amene akhala akulimbirana ulemu, pa tsiku lopangana, kuti mkangano wawo uthere pomwepo. Awiriwo angakhale anthu, matimu a mpira, makwaya kapena zipani. Aliyense wakhala akudziguguda pachifuwa ali kwawo, owatsatira akhala akutsutsana m'minibasi kuchokera ku Limbe mpaka ku Muloza, ndiye yakwana nthawi yoti pakamwa papume, anthu adzionere okha.

Munthu akati, "Loweruka kuli wamkulu ndani ku Mulanje Park," womva amadziwiratu kuti okumanawo amadziwana kale, mphamvu zawo sizitalikirana, ndipo wogonja ayenda atazolika kwa masabata angapo. Masewero wamba sapatsidwa dzina limeneli.

2. Mawuwa anapangidwa bwanji?

Tsinde lake ndi -kulu, lomwe timalipezanso mu mkulu, akulu, ukulu ndi chachikulu. "Wamkulu" ndi mfotokozi wa munthu mmodzi. "Ndani" ndi chidule cha "ndi yani". M'Chichewa mawu ofunsira amakonda kukhala kumapeto, monga mu "wabwera ndani?" ndi "mukupita kuti?", choncho dongosolo la mawuwa ndi la masiku onse.

Chachilendo n'chakuti funsoli linauma n'kusanduka dzina. Timati "masewero a wamkulu ndani", "kuli wamkulu ndani", "anali wamkulu ndani weniweni". Silisintha ngakhale okumanawo akhale ambiri. Pabwalo pali anyamata 22, koma palibe amene amati "aakulu ndani". Timu timati yaikulu, chipani timati chachikulu, koma zikakumana timanenabe "wamkulu ndani", ngati kuti mbali iliyonse ndi munthu mmodzi.

3. Kodi mawuwa anachokera kuti?

Gwero lake lili pakhomo. Kwathu kuno ukulu sukhala wosadziwika. Pa chakudya timadziwa woyamba kusamba m'manja, timadziwa amene nthutumba ya nkhuku imapita kwa iye. Pamaliro timadziwa woyankhula pomalizira. Mbumba iliyonse ili ndi mwinimbumba, ndipo ngakhale mapasa banja limanena kuti mkulu ndi uyu. Pamene zonsezi zili poyera, palibe chofunsa. Funso limabadwa pamene dongosololi silikupereka yankho: pakati pa anyamata obadwa chaka chimodzi, olowa thezo limodzi, oweta mbuzi dambo limodzi. Ameneŵa kubadwa sikungawalekanitse, ndiye amalekanitsidwa ndi kulimbana. Anzawo amawazungulira, wamkulupo amaima pafupi, ndipo msana wa mmodzi ukagunda pansi iye amawaleretsa. Madzulo onse amakusa mbuzi limodzi kubwerera kumudzi, koma kuyambira tsikulo amadziwa wotuma ndi wotumidwa.

Tchalitchi chinathandizanso kuti funsoli likhazikike m'makutu. Pa Marko 9 ophunzira a Yesu akutsutsana panjira yopita ku Kapernao za amene ali wamkulu mwa iwo, ndipo mkangano womwewo ukubweranso pa Luka 22. Baibulo lathunthu la Chinyanja linatuluka mu 1922, choncho mibadwo ingapo yakula ikumva ulaliki wa nkhaniyi. Alaliki amatchulanso za Eliya ndi aneneri 450 a Baala paphiri la Karimeli, pa 1 Mafumu 18, pomwe mbali zonse zinagwirizana kaye za muyeso: Mulungu amene ayankhe ndi moto.

Amene anawamwaza mawuwa dziko lonse ndi owulutsa mpira. MBC inayamba mu 1964, Chichewa chinakhala chiyankhulo cha fuko mu 1968, ndipo owulutsa ankafunika mawu otenthetsa mtima wa munthu amene wakhala pakhonde ndi kawailesi kake ku Thekerani, kutali ndi bwalo. Masamba a Chichewa a m'manyuzipepala anatengera pomwepo.

4. Akusiyana bwanji ndi "wafawafa", "chipulula" ndi "ndime yotsiriza"?

Anthu amasakaniza mawuwa, koma aliyense ali ndi ntchito yake.

"Wafawafa" amanena za kukula kwa chotayika: wagwa wagwa, palibe mwayi wachiwiri. Timu imene ituluke mu ligi ikapanda kupambana lero ili pa wafawafa, ngakhale ikusewera ndi timu imene sinakanganepo nayo.

"Chipulula" ndi kayendetsedwe ka mpikisano, koti wogonja amalongedza. Flames itafika koyamba m'ndime imeneyi pa chikho cha Africa ku Cameroon, inakumana ndi Morocco pa 25 January 2022. Gabadinho Mhango anachinya chigoli chakutali chija, koma masewero anatha 2-1 mokomera Morocco. Chinali chipulula, analinso wafawafa. Wamkulu ndani sanali, chifukwa panalibe mkangano wakale wa ukulu pakati pa awiriwo.

"Ndime yotsiriza", kapena fainolo, ndi malo chabe pa ndandanda ya mpikisano. Ingakhale wamkulu ndani ngati ofikawo ndi olimbirana akale, ingakhalenso yozizira. Palinso "lero ndi lero", amene amangonena kuti tsiku lakwana.

5. Ndiye ndewu iliyonse ndi wamkulu ndani?

Ayi, ndipo apa ndi pamene mawuwa akuwonongekera.

Popeza ndi funso, yankho lake liyenera kukhala losadziwika. Bambo akamenya mwana, gulu likagwira munthu mmodzi pamsika, wachikwanje akadikirira mnzake m'tiyi usiku, palibe chimene chafunsidwa. Wamphamvu ankadziwika kale. Zimenezo zili ndi mayina ake: nkhanza, chiwembu, uchigawenga.

Wamkulu ndani amafunanso bwalo, malamulo ndi mboni. Onse awiri adziwe tsiku, avomereze woyimbira, anthu aone. Ukulu wopezedwa mumdima palibe amaulemekeza, ngakhale wouwinayo amadziwa zimenezo mumtima mwake.

Chimene ine ndimachiona chachikulu pa zonse n'chakuti wogonja atsale wamoyo ndi waulemu, athe kunena kuti "lero wandiposa." Popanda iye kuvomera, funso silinayankhidwe, mkangano wangosamukira kwina. Ndiponso wopambana amafuna mnzakeyo akhalepo, chifukwa ukulu wake umaonekera mwa iyeyo. N'chifukwa chake anyamata a kudambo aja (funso 3) amaleretsedwa msana ukangogunda pansi.

6. N'chifukwa chiyani anthu akamva mawuwa amathamangira kuganiza za Bullets ndi Wanderers?

Chifukwa palibe awiri ena m'Malawi amene akwanitsa zonse za mu funso 5 kwa nthawi yaitali chotere. Wanderers inakhazikitsidwa mu 1962. Mu 1967 osewera ena anachoka ku Wanderers n'kuyambitsa Bullets. Mkangano wake ndi wa pachibale, wa mkulu ndi mng'ono amene anakana kutumidwa. Onse ndi a mu Blantyre, onse bwalo lawo lakhala la Kamuzu, wina ofiira wina obuluwu.

Mayina asintha motsatira othandiza. Bullets yakhalapo Bata, Total, Bakili ndi Nyasa. Wanderers yakhalapo Yamaha, Limbe Leaf, MTL, Be Forward ndi Mukuru. Koma pakamwa pa anthu ndi Maule ndi Manoma basi. Mu 2004 Bakili Bullets inafika m'ndime ya magulu ya CAF Champions League, chinthu chimene a Maule sasiya kukumbutsa anzawo, koma wa Noma amayankha kuti za kunja zikhale kunja, tionane pa Kamuzu.

Ku Thyolo ndi ku Mulanje tsikuli limayamba m'mamawa. Maminibasi odutsa pa Thunga ndi pa Bvumbwe amadzaza ndi ovala zofiira ndi zobuluwu mpando umodzi. Otsala amaunjikana pa wailesi ya pagolosale kapena m'nyumba yoonetsera mpira. Khomo limodzi mumapeza bambo wa Maule, mwana wa Noma, ndipo mayi amadziwiratu kuti mmodzi mwa awiriwa nsima ya madzulo aidya mwakachetechete. Malo pa ligi sawerengedwa tsiku limeneli. Timu ingakhale pansi, koma ikagonjetsa mnzakeyo ochemerera amati chaka chayenda bwino.

Ku Lilongwe mawuwa amanenedwa Silver Strikers ikakumana ndi Civo, ndipo m'midzi mwathu amanenedwa pa sukulu ziwiri zoyandikana, kapena matimu a madivishoni awiri a esiteti imodzi.

7. Kodi ndi chimodzimodzi ndi showdown kapena derby zimene timamva pa Chingerezi?

Amayandikana, koma magwero ndi osiyana. Showdown anachokera ku juga ya makadi yotchedwa poker, ku America m'zaka za m'ma 1800. Kubetcha kukatha, otsala amayala makadi awo poyera kuti aoneke amene ali ndi amphamvu. Mpaka nthawi imeneyo munthu amatha kuopseza anzake ali ndi makadi achabechabe, koma akayala bodza limatha. Kuchokera pamenepo mawuwa anafalikira ku ndale, ku nkhonya ndi ku mikangano ya pantchito.

Derby ndi dzina la mpikisano wa mahatchi umene unayamba mu 1780 ku Epsom, ku England, ndipo unatchedwa dzina la Earl of Derby. Pa mpira amatanthauza matimu awiri a mzinda umodzi.

Mawu a Chingerezi oyambawo amayang'ana pa kuulula zobisika, achiwiriwo pa kuyandikana kwa malo. Athuwa amayang'ana pa ulemu ndi msinkhu: ndani apatse mnzake mpando. Womasulira nkhani asamangosinthanitsa osaona kaye chimene chikulimbiranidwa.

8. Nanga akalepherana?

Funso limagona. Timati "afanana mphamvu" kapena "alepherana", ndipo mbali zonse zimapita kwawo zikudzitama. Pa chikho amapita ku mapenate chifukwa chikho sichigawika, koma ochemerera ambiri savomereza kuti mapenate amayankha za ukulu. Mudzamva akuti, "Munangochita mwayi, alamu, m'mphindi 90 simunatione."

Ngakhale wina apambane mosakayikitsa, yankho limakhala la kanthawi. Chaka chamawa funso lomwelo lidzukanso. Onaninso funso 11.

9. Kodi mawuwa ndi a amuna okha?

Ayi. "Wamkulu" sasankha mwamuna kapena mkazi. Pa mpira wamanja, Malawi Queens ikakumana ndi South Africa anthu amati wamkulu ndani wa mu Africa, ndipo ndi zoona: mu 2007, pa mpikisano wa dziko lonse ku Auckland, Queens inagonjetsa South Africa n'kumaliza pa nambala 5. Mu 2018 pa masewero a Commonwealth ku Australia inagonjetsa New Zealand 57-53, Mwawi Kumwenda akumwetsa zigoli. Kumeneko kunali kudabwitsa dziko, koma mkangano wa ukulu weniweni ndi wa ife ndi South Africa.

Kumudzi amayi amawanena pa makwaya awiri a mpingo umodzi akakumana pa chikondwerero cha nyimbo, ndi pa magulu a tchopa akamakonzekera kukavina ku Chonde pa mwambo wa Mulhako wa Alhomwe. M'minda ya tiyi, nyengo ya mvula masamba akachuluka, othyola awiri odziwika ndi manja achangu amayang'anana pa sikelo, anzawo akumvetsera makilo amene kalaliki akutchula. Palibe wamenya mnzake, koma onse amadziwa chimene chikuyesedwa.

10. Bwanji akuluakulu amati wamkulu ndani weniweni ali pa bawo?

Chifukwa pa bawo palibe woyimbira woti umunamizire, palibe mphepo, palibe bwalo loipa. Pali thabwa la mizere 4, maenje 32, ndi mitu iwiri.

Kaoneni pansi pa mtengo pa Chitakale kapena pa Nkando, madzulo ntchito itatha. Masewero wamba amakhala aphokoso, aliyense woonerera akulangiza. Koma akakhala pansi akatswiri awiri amene mbiri yawo yakhala ikuyenda, wina wochokera ku Chisitu wina wa pompo, phokoso limatha lokha. Wina amatakata mwakachetechete, akuoneka ngati alibe cholinga. Mnzakeyo sakhudza thabwa msanga. Milomo imagwedezeka, chala chili m'mwamba chikuwerenga maenje, kubwerera, kuwerenganso. Woonerera akatsegula pakamwa amadzudzulidwa ndi anzake omwe. Kenaka dzanja limatsika, kudya kumayamba, kuzungulira, kudyanso, mpaka mzere wakutsogolo wa mnzake utayera. Wogonja amapukusa mutu, n'kunena kuti, "Mwandidya, achimwene. Tiyalenso." Ndipo amayaladi.

Mawu akuti "tiyalenso" ndiwo amasunga ubale wa anthu amenewa zaka ndi zaka.

11. Kodi n'koyenera kutchula chisankho kuti wamkulu ndani?

N'koyenera, bola tikumbukire kuti woyankha funsolo ndi wovota, osati wopikisana.

Riferendamu ya pa 14 June 1993 inali wamkulu ndani wa maganizo awiri: tambala wakuda wa chipani chimodzi ndi nyali ya matipate. Anthu oposa 60 pa 100 alionse anasankha nyali, ndipo Chigawo cha Kummwera chinavotera nyali mwaunyinji. Pa 17 May 1994 kunali chisankho, ndipo Dr Hastings Kamuzu Banda, atalamulira zaka 30, anavomera pa wailesi kuti Bakili Muluzi wapambana. Kuvomera kumeneko n'kumene kunatseka nkhani mwamtendere.

Chisankho cha pa 21 May 2019 chikuonetsa mbali ina. Zotsatira zinalengezedwa, koma ogonja sanavomere kayendetsedwe kake, ndipo dziko linakhala pa zionetsero miyezi yambiri. Pa 3 February 2020 oweruza 5 a khoti loona za malamulo aakulu a dziko anafafaniza chisankho cha pulezidenti, n'kunenanso kuti wopambana azipeza mavoti opitirira theka. Khoti la Supreme linagwirizana nazo mu May, ndipo pa 23 June 2020 kunachitika chisankho chachibwereza chimene Lazarus Chakwera anapambana pogonjetsa Peter Mutharika. Pa 16 September 2025 awiri omwewo anakumananso, Peter Mutharika wa kuno ku Thyolo anapambana, ndipo Chakwera anavomera zotsatira zisanalengezedwe.

Anthu awiriwa apikisana mu 2014, 2019, 2020 ndi 2025, ndipo yankho lakhala likusintha. Chosayenera ndi kuwatengera mawuwa kwa anyamata onyamula miyala pa msonkhano. Mnyamata wothyoledwa mwendo pa msika wa Luchenza chifukwa cha mtundu wa malaya sanayankhe funso lililonse, ndipo amene ankamenyerayo sadziwa n'dzina lake lomwe.

12. Nanga za John Chilembwe mu 1915, ndi zipolowe za ku Thyolo mu 1953?

Ena amazitchula choncho pofuna kulemekeza, koma ine ndimaona kuti mawuwa amazichepetsa.

Chilembwe ndi anthu ake anadzuka usiku wa pa 23 January 1915, kuchokera ku Mbombwe ku Chiradzulu. Anaukira minda ya A. L. Bruce ku Magomero, kumene William Jervis Livingstone anaphedwa, ndipo ena anapita ku Blantyre kukafuna mfuti. Chimene chinawadzutsa ndi thangata, kuwotchedwa kwa matchalitchi awo, ndi kutengedwa kwa anthu akuda kukafera nkhondo ya azungu imene inayamba mu 1914. Pasanathe masabata awiri zonse zinali zitatha, ndipo Chilembwe anaphedwa pa 3 February 1915 m'dera la Mulanje akulowera kumalire a Mozambique. Ena mwa omutsatira ananyongedwa kapena kuwomberedwa.

Mu August 1953, chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chikuyamba, moto unabuka ku Thyolo. Chinayatsa ndi nkhani ya anthu ogwidwa ndi malalanje pa esiteti ina, koma nkhuni zake zinali zakale: malo ochepa, thangata, lendi ya pa esiteti, ndi kukana chitaganya. Anthu anatseka misewu ndi mitengo, anadula mawaya a lamya, anakana kugwira ntchito. Boma la atsamunda linabweretsa apolisi ndi asilikali, ndipo zipolowe zitafalikira m'maboma ena a Kummwera anthu 11 anaphedwa.

M'nkhani ziwirizi mbali imodzi inali ndi mfuti, makhoti ndi ndende. Panalibe woyimbira, panalibe mphamvu zofanana, ndipo anthu aja sankalimbirana mpando wa ulemu. Ankafuna malo olima ndi kuti asiye kugwira ntchito yopanda malipiro pa nthaka ya makolo awo. Mawu oyenera ndi kuukira, kukana ukapolo, kumenyera ufulu.

13. Tili ndi mlandu wa malire a munda kwa amfumu. Abale akuti ndi wamkulu ndani. Akulondola?

Akulakwitsa, ndipo mukawamvera mutaya zambiri kuposa mizere imene mukulimbiranayo.

Nkhani za malo kuno n'zowawa, palibe angatsutse. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 700,000 ku Thyolo ndi oposa 680,000 ku Mulanje, pamene nthaka yambiri yabwino ili pansi pa tiyi ndi makadamiya. Munda umene agogo ankalima okha lero wagawidwa kwa zidzukulu zambiri. Namondwe wa Freddy mu March 2023 anakokolola minda, ndipo m'malo ena anachotsa mitengo ndi miyala imene inali zizindikiro za malire. Mzere umodzi wa chimanga ndi chakudya cha ana, n'chifukwa chake mitima imatentha.

Koma taonani mmene bwalo limayendera. Amfumu akhala ndi nduna zawo. Wodandaula ayankhula, woyankha ayankhula, aliyense osadulidwa. Kenaka onse anyamuka kupita kumunda. Agogo aakazi amene anaona malirewo akudulidwa atsogola ndi ndodo yawo, aima pa chitsa cha mtengo wa mapeyala, n'kunena kuti, "Amfumu, malemu achimwene anga ankalekezera apa, ine ndinkayambira apo." Nduna ikhoma chikhomo, ena abzala vetiva kapena nthochi pamzerewo. Amfumu sanena kuti uyu ndiye wamkulu. Amati, "Ana anga, ndinu amodzi, mawa mudzaikana m'manda." Nthawi zambiri aliyense amataya pang'ono kuti onse athe kupatsana moni.

Wobwera pabwalo ndi mtima wa wamkulu ndani savomera chigamulo chotero. Amazula chikhomo usiku, mlandu umapita kwa gulupu, kwa mfumu yaikulu, mpaka ku khoti, ndipo ndalama za mayendedwe zimaposa mtengo wa malowo. Lamulo la malo a makolo la 2016 linakhazikitsa mabwalo apadera omva milandu ya malo, ndipo amene sanakhutire ali ndi kopita. Kudandaula ndi ufulu wanu. Chimene muyenera kusiya kunyumba ndi mawu a pa mpira.

14. Kodi ndi mwano kunena mawuwa kwa munthu wamkulu kapena m'banja?

Kwa kholo, apongozi, amalume kapena amfumu ndi mwano waukulu, chifukwa mukufunsa chinthu chimene chili ndi yankho kale (funso 3). Mkamwini amene wauza amalume a mkazi wake kuti "tione wamkulu ndani pakhomo pano" wadzitsekera yekha njira, ndipo ankhoswe adzavutika kumuyankhulira. Pokhapokha ngati mukuseka za mpira kapena bawo, ndipo wamkuluyo ndiye wayambitsa.

Pakati pa mwamuna ndi mkazi mawuwa ndi chizindikiro choipa. Banja limene lafika poyesana ukulu lasiya kukambirana, ndipo chotsatira chake nthawi zambiri ndi manja. Izi si za kuseka. Malawi ali ndi lamulo la 2006 loteteza anthu ku nkhanza za m'banja, ndipo kupolisi kuli ofesi yothandiza ozunzidwa. Ankhoswe ali ndi malo awo pa kusamvana, koma pamene pakhetsedwa magazi nkhaniyo yaposa ankhoswe.

15. Kalembedwe koyenera ndi kati: wamkulu, wankulu kapena wam'kulu? Nanga chizindikiro cha funso?

Lembani "wamkulu". M ameneyu ndi wotsala wa mu- wa gulu la anthu, yemweyo wa mu mlimi, mtsikana ndi mkazi, ndipo amatchulidwa payekha milomo itatsekeka. "Wankulu" ndi katchulidwe ka changu kamene kafala pa Facebook ndi WhatsApp, koma pa mayeso mudzachotseredwa malikisi. Nkhodolero siifunika. "Ndani" ndi mawu apaokha, musawalumikize.

Ngati mukufunsadi, ikani chizindikiro: "Pa ana awiriwa, wamkulu ndani?" Ngati ndi dzina la kukumanako, musaike: "Mawa kuli wamkulu ndani pa bwalo la sukulu."

16. Mnzanga wandiuza kuti "mawa tione wamkulu ndani." Ndimuyankhe bwanji?

Yambani mwamvetsera mmene wanenera.

Ngati ndi za mpira, bawo kapena kwaya, landirani ndi manja awiri. "Tionana pabwalo, achimwene," n'kokwanira. Musalonjeze zigoli. Akulu anati mwamuna mnzako m'pachulu, umalinga utakwerapo, ndipo amene amadzitama Lachisanu ndi amene amazimitsa foni Lamlungu. Gwirizanani za nthawi, malo ndi woyimbira zisanayambe, ndipo ngati pali kubetcha chikhale chinthu choti wogonja apereke akuseka.

Ngati wanena nkhope ili gwa, pa nkhani ya ngongole, munda kapena chibwenzi, musayankhe mawu ofanana, ndipo kumene wakuitanirani musapiteko. Sikuti ndinu wamantha. Iye watchula dzina la masewero pa chinthu chimene chilibe woyimbira. Muuzeni kuti, "Nkhaniyi tikakambe kwa anyakwawa, ine ndibwera ndi amalume." Kauzeni munthu wamkulu tsiku lomwelo, kusanade. Akakhala kuti watchula chikwanje kapena mpeni, kapena watumiza uthenga woopseza pa foni, sungani uthengawo ndipo kanene kwa a chitetezo cha m'mudzi kapena kupolisi.